Nyumba yoyenda ya malemu amalume yawola ndi madzi: ndikonze kapena ndigulitse?

Mphwa_wa_Malume
Akuluakulu, ndakupezani. Nkhani iyi yandisowetsa tulo masabata awiri, ndiye ndati ndiitule pano poti pagulu pano pali amakanika, akalipentala, ndi ena odziwa kutsutsa chabe.

Amalume anga, alongo awo a amayi, adatisiya chaka chatha. Adasiya galimoto ija yobereka nyumba kumsana, Toyota ya injini ya 3L, yomwe adagula kalekale kwa mlimi wina ku Chisamba. M'kati muli bedi pamwamba pa dalaivala, kasinki, sitovu ya gasi, kafiriji ndi tebulo lopinda. Ana a m'komboni amaitcha nyumba yoyenda, ngakhale patha zaka 6 isanasunthe. Yaima pabwalo ku Kanyama kuno ku Lusaka, ndipo a ku Kanyama mwamva kale zomwe ndikunena: kawiri konse madzi adakwera mpaka kulowa pachitseko. Kudenga nako kumadontha. Loweruka nditatsegula, fungo lake lidandibweza chambuyo. Matiresi achita chuku, siling'i yafufuma ngati chitumbuwa, ndipo pafupi ndi sinki phazi langa lidatitimira. Koma mukaiona kunja, yoyera bwinobwino, penti sinasuwe n'komwe.

Khumbo langa n'loti ndiikonze, mu August ndinyamule amayi tipite ku Kulamba ku Mkaika, akagone pabedi osati pamphasa kwa achibale. Amalume ankawalonjeza ulendo umenewu chaka ndi chaka. Akunyumba akuti ndigulitse kwa a sikirapu, wina watchula kale K15,000. Ndiyambire pati? Kapena akunyumba akunena zoona?

Spanala17
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mverani alamu athu, gulitsani.

AmakeTiya
Mwamuna akafika pofunsa pagulu ngati mkazi wake akunena zoona, yankho amakhala akulidziwa kale.

Kalipentala_wa_Kalingalinga
Pepani ndi maliro, bambo. Musathamangire kugulitsa, musathamangirenso kugula pulayiwudi. Ine zotere zadutsa m'manja mwanga ziwiri. Imodzi ndidaimaliza, inayo ndidambwezera mwiniwake ndalama zake. Kunja zinkaoneka chimodzimodzi, kusiyana kunali m'kati mwa khoma.

Khoma la galimoto zimenezi silili ngati la minibasi. Kunja kuli lata la aluminiyamu lopyapyala, m'kati pulayiwudi wa 3mm, pakati pali timatabwa tokula ngati zala ziwiri ndi chinthu choyera chopepuka chija chimabwera m'makatoni a TV. Zonse amazimata pamodzi ndi guluu, ndipo mphamvu ya khoma ili pa kugwirana komweko. Timatabwato tikawola, aluminiyamu amaimabe chilili akunyezimira, kumbuyo kwake kutasanduka manyowa. Pentiyo ikukunamizani.

Loweruka likubwerali tulutsani chilichonse chochoka: matiresi, makatani, kapeti, zitseko za makabati. Mutenge sikuludiraiva yosongoka muzibaya thabwa lililonse, m'makona onse anayi, mozungulira mawindo, mozungulira bowo la mpweya la padenga, pansi pa bedi lam'mwamba lija, ndi pomwe khoma lakumana ndi pansi. Ikalowa ngati mukubaya mbatata yophika, lembani X ndi choko. Mukatha muime pachitseko muwerenge ma X anu.

Dziwaninso kuti pomwe mwaona banga si pomwe madzi alowera. Amatha kulowa pa kanyali ka padenga kutsogolo, n'kutsata thabwa mamita awiri, n'kukatulukira kusinki. Anthu amamata pabanga, mvula ikabwera n'kumadabwa.

Ngati pali wokubwerekani kamakina koyezera chinyontho m'matabwa, ndi bwino kwambiri. Thabwa louma limawerenga pansi pa 15. Likadutsa 20 ndiye kuti kuwola kwapeza pogona. Ndipo mukapeza makona anayi onse pamodzi ndi mitanda ya denga zatha, pamenepo si kukonzanso ayi, mukumanga nyumba yatsopano pa chasisi yakale. Ikhale nkhani ina ndi thumba lanu.

Wotcherera_wa_Garden
A Kalipentala alankhula bwino mpaka pomwe afika pa matabwa. Thabwa lawola kamodzi, mubwezeremonso thabwa? Bweretsani kuno, tigwetse zonse, ndikuwotcherereni felemu ya sikweya chubu ya 25mm. Chitsulo sichiwola, chiswe sichidya, ndipo msewu wa ku Mkaika sungachithyole.

Kalipentala_wa_Kalingalinga
Chitsulo sichiwola, chimachita dzimbiri. Ndipo mukachigundanitsa ndi aluminiyamu pali chinyontho, aluminiyamuyo amadyeka, amatuluka ufa woyera kenako timabowo ngati sefa. Mudzafuna kutseka bowo limodzi, mudzapeza 100.

Wotcherera_wa_Garden
Ndiye timapaka pulaima, n'kuika labala pakati. Mukuyesa tidayamba dzulo? Makontena a ma Canter onyamula buledi aja mumawaona m'tauni amapanga ndani, akalipentala?

Dalaivala_wa_Nakonde
Mkangano wanuwo wothetsa ndi sikelo. Bambo Mphwa, tsegulani chitseko cha kutsogolo kapena muone mu white book, chikalata cha umwini wa galimoto, mupeze kulemera komwe galimotoyo imaloledwa itanyamula zonse. Zambiri za mtundu umenewu zimachoka kufakitale zitatsala pang'ono kufika pamalire. Ndiye onjezani: madzi lita imodzi ndi kilo imodzi, thanki ya malita 80 ndi makilo 80. Silinda ya gasi, mabatire, anthu, thumba la ufa, ndipo pobwera kumudzi sadzakusiyani opanda nsawa ndi maungu. Pulayiwudi mmodzi wa 18mm amafika makilo 30. Mukaikanso felemu yachitsulo pamwamba, galimoto imalemera kumutu. Ine ndayendetsa zazitali zotere kuchokera kuboda, mphepo ya thiraki ikakuwombani pokumana mumamva chiwongolero chikuthawa m'manja. Nanga pa Manenekela potsetserekera ku Luangwa, mabuleki a zaka 30 atanyamula zonsezo?

Ndiponso laisensi ya B imathera pa makilo 3,500. Kupitirira apo ndi C1.

Ine ndikuti chitsulo chilowe pansi pokha, pomwe mitanda yogwira pansi yadyeka. M'makoma ndi kudenga matabwa opepuka. Aliyense wa awiriwa adyepo.

Wotcherera_wa_Garden
Pansi ndi panga ndiye. Ndavomera, koma sindinagonje.

SolaBoyi
Mudala, denga limenelo likwana mapanelo awiri a 200W. Batire ya lithiyamu, kainiveta, firiji ya 12V, basi magetsi akazima kunyumba mumangosamukira m'galimoto. Ndikutumizireni mtengo?

Kalipentala_wa_Kalingalinga
Mwana iwe, denga likugwa ndiye ukufuna kulisenzetsa katundu? Dikira.

Spanala17
Poti mwakana kugulitsa, mverani za kumbali kwanga. Chonde musaike batire n'kuliza injini kuti "tingomva ngati ikadali moyo". Galimoto yomwe yaima m'madzi ikhoza kukhala ndi madzi m'masilinda, ndipo madzi sapanikizika. Kuliza kamodzi, ndodo ya pisitoni yapindika, injini yapita. Masulani ma glow plug, mapulagi otenthetsa masilinda aja, onse anayi, mutembenuze injini ndi sipanala pamanja, muone ngati ikuzungulira komanso ngati pali chotuluka m'mabowomo. Khuthulani oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa difu. Akatuluka ngati tiyi wamkaka, madzi adalowa. Dizilo wa zaka 6 atayidwe, thanki itsukidwe, mafyuluta atsopano.

Lamba wa taimingi musinthe ngakhale akuoneka bwino. Pa injini imeneyi amasinthidwa pa makilomita 100,000, koma labala amakalamba ngakhale galimoto itangoima, ndipo akaduka mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Radiyeta ikatsukidwe, chifukwa 3L ikatentha kwambiri hedi imang'aluka, ndipo mapiri a pakati pa Rufunsa ndi Nyimba ndi oyesa radiyeta. Mabuleki onse amasulidwe, mafuta ake amamwa chinyontho. Matayala muone manambala anayi a m'mbali: 2314 ndiye kuti sabata la 23, chaka cha 2014. Mapanga akhoza kukhala akuya, koma tayala la zaka zoposa 10 ndi bomba.

Chabwino chake n'chimodzi: 3L ndi injini yomwe idadzaza m'maminibasi a Hiace, sipeya zake mumazipeza paliponse, makanika aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Injini si imene ingakugwetseni. Lowani pansi ndi hamala mugogode chasisi yonse. Ikalira ngwee ndi yamoyo. Ikalira phuu n'kugwa makoko, K15,000 ija ilandireni ndi manja awiri.

Mphwa_wa_Malume
Zikomo a Spanala. Ndivomere kuti batire ndidabwereka kale, imayenera kubwera mawa. Ndaimba kuti isabwere.

Ndayiwala kunena, mawaya ena kuseri kwa dashibodi adyedwa ndi makoswe kapena mbewa.

Kolwe_wa_Kasama
Iyee, ba Mphwa! Mbewa zafika podya motoka ya munthu wa ku Chipata? Ndiye dziko latembenuka. Zabwera kudzalipiritsa ngongole ya makolo awo amene mudadya. Osaitana makanika, itanani azibale anu na mchere, mawa vuto yasila.

AmakeTiya
Anyani alowa m'munda. Ba Kolwe, mbewa ndi ndiwo, timadyera nsima poyera. Inu zanu zija mumadya mutatseka chitseko.

Kolwe_wa_Kasama
Nifunseko chabe, pa Kulamba mbewa zimalowa ngati alendo kapena ngati ndiwo? Chifukwa izi zapeza kale transipoti.

GogoWaChilenje
Chimbuya, kunyogodolana kwa Abemba ndi ife a kum'mawa, chikayamba pano tsiku limatha. Mbewa ndi za kutchire, mwana wanga wa ku Kasama, za m'galimoto ndi makoswe, ndipo khoswe sitidya. Phunzira. Tsopano bwererani ku denga.

Bwana_Silikoni
Anthu mukukulitsa nkhani. Machubu 6 a silikoni, kuzungulira mawindo ndi m'mizere yonse ya denga, tsiku limodzi basi. Minibasi yanga ndidachita choncho, sidontha.

Kalipentala_wa_Kalingalinga
Yanu ndi yachitsulo chokhachokha, bwana, siipotoka. Bokosi ili limagwedezeka pa bampu iliyonse, ndipo dzuwa la October limafutukula aluminiyamu masana, usiku n'kubwerera. Silikoni amagwira miyezi ingapo, kenako amasiya kampata kosaoneka ndi maso, madzi amalowa koma kutuluka ayi. Choipitsitsa, pomwe padapakidwa silikoni sipagwiranso china chilichonse, ngakhale silikoni mnzake, mpaka mutapala n'kutsuka. Ndipo wonunkha ngati viniga uja amadya chitsulo.

Windo limazulidwa lonse. Mupale zakale, mutsuke, muike tepi ya butyl kuzungulira, mubwezere windo, mumange masikuluwu mpaka tepiyo itafinyikira kunja, mudule yotsala. Butyl sauma, amakhala ngati chingamu zaka ndi zaka, ndiye amayenda limodzi ndi khoma. M'mizere ya denga mugwiritse polyurethane, monga Sikaflex, osati wa m'bafa. Masikuluwu akale adzimbiri atayeni, mugule a stainless.

Mphwa_wa_Malume
Butyl ameneyu ndikamupeza kuti? M'mahadiweya atatu m'tauni andiyang'ana ngati ndatukwana.

Wotcherera_wa_Garden
Musafunse ku hadiweya wamba. Pitani kwa ogulitsa malata a IBR, amaika tepi yomweyo pomwe malata agundana. Kapena kwa oika magalasi a mabasi. Mukati "ya karavani" mtengo ukwera, muzingoti ya malata.

Mlembi_wa_pa_Khoti
Pepani ndikudulani pakamwa, koma pali funso lomwe palibe wafunsa. Galimotoyi ndi yayani?

Ndikudziwa kuti kwathu mphwa ndiye amalowa m'malo mwa malume, nane ndine Mchewa. Koma kuno ku Zambia munthu akamwalira osasiya wilo, chimagwira ntchito ndi Intestate Succession Act ya 1989. Ana amatenga 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo omwe ankadalira malemuyo 10. Mphwa wodzidalira yekha mulibemo. Ngati amalume adasiya mayi ndi ana, galimotoyo ili m'chuma cha masiye, ndipo woyenera kuipereka ndi administireta wosankhidwa kukhoti.

Lero ndi chiphakasa chonunkha, aliyense akuti tengani. Tsiku lomwe idzatuluke pageti ikuwala, mawindo ali ndi makatani, mudzamva kuti "ija ndi ya adadi". Ndaziona kangapo, anthu obadwa bere limodzi osalankhulana chifukwa cha thirakitala yomwe idakhala zaka pamiyala. Musanagule msomali umodzi, khalani pansi, mulembe, asayine, white book isinthidwe dzina ku RTSA, ofesi yolembetsa magalimoto. Mukafunsenso komweko za msonkho wa pamsewu wa zaka zomwe yaima, muziyamba mukudziwa.

Mphwa_wa_Malume
Apa mwandigwira pakhosi. Azakhali alipo, ndi ana aakazi awiri, wina ali ku Kitwe. Tsiku lomwe tinkagawa zovala azakhali adati "chigalimotocho uchotse, chikundidyera malo". Ine ndidatenga ngati andipatsa.

Mlembi_wa_pa_Khoti
"Uchotse" ndi "ndakupatsa" ndi mawu awiri osiyana, bambo.

AmakeTiya
Ndipo mukapita musapite nokha. Mutenge akunyumba, anyamule kashuga ndi kasopo. Nkhani zotere azimayi amazimaliza kukhitchini inu mukadali pa moni.

Nasi_wa_Usiku
Ine ndilankhule za thupi lanu, poti nonse mukudandaula za thupi la galimoto. Madzi osefukira ku Kanyama si madzi a mvula chabe, amasakanikirana ndi a m'zimbudzi zokumba. Amene tidagwira ntchito nthawi ya kolera mu January 2024, mpaka Heroes Stadium kusanduka chipatala, sitiwaona mwachibwana. Matiresi, mapilo, kapeti ndi chilichonse cha siponji chomwe chidamira, kutaya. Osati kuyanika n'kupatsa mwana wa kusukulu. Pophwasula valani magolovesi ndi chotseka pamphuno chenicheni, mawindo onse ali otsegula, chifukwa fumbi la chuku likalowa m'chifuwa limavuta, makamaka kwa wa mphumu. Ana asamaseweremo.

Zolimba mutsuke ndi sopo kaye, kenako madzi a klorini. Jik musasakanize ndi mankhwala ena alionse, utsi wake umapweteka mapapo. Thanki ya madzi akumwa ndi mapaipi ake, ngati mungathe gulani zatsopano, si zodula poyerekeza ndi kutsekula m'mimba kwa mayi wachikulire muli pakati pa Kacholola ndi Nyimba.

Chomaliza, ndipo ichi ndikupemphani. Usiku kukazizira, mbaula isalowe m'galimotomo. Kachipinda kakang'ono, kotsekedwa bwino ndi butyl wanuyo, makala akuyaka: anthu amangogona osadzuka. Chaka chilichonse nyengo yozizira timawalandira.

Dalaivala_wa_Nakonde
Asisi anena zoona. Ndiwonjezere za gasi. Paipi ya labala ndi regyuleta za zaka zimenezo zisinthidwe, osakambirana. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika amatsikira pansi, n'chifukwa chake kabati ya silinda imakhala ndi bowo pansi. Pokonza pansi a Wotcherera asalitseke poganiza kuti ndi dzimbiri lidaboola. Polumikiza paliponse muyese ndi thovu la sopo, osati machesi.

SolaBoyi
Nanenso ndinene chimodzi chaulere, poti mwandithamangitsa. Muone zolembedwa pa masoketi ndi pa chaja ya m'kati. Ngati bodi idapangidwira ku Japan, zonse ndi za 100V, kuno ndi 230V. Mukangolumikiza kunyumba, utsi. Ndipo tsiku lomwe mudzafune mapanelo, mabulaketi timamata ndi polyurethane, sitiboola denga.

Kalipentala_wa_Kalingalinga
Tsopano walankhula ngati munthu.

GogoWaChilenje
Ndikuuzeni zanga, mwina zikuthandizani kupima. Malemu amuna anga atapuma ntchito adagula karavani yokoka, yodontha ngati yanuyi. Adaiphwasula yonse sabata imodzi, makoma onse anayi, ali ndi mphamvu ya ndalama za penshoni. Denga lidatsala lopanda chogwira, lidakhota pakati ngati msana wa bulu, chitseko sichidalowenso m'malo mwake. Kenako mvula ya November idawapeza ali pakati. Adafunditsa tenti, tenti idasunga chinyontho m'kati, zomwe zidali zouma nazo zidawola. Zidutswa zakale adaotcha, ndiye podula zatsopano panalibe poonera muyeso. Idakhala kuseri kwa nyumba zaka 9, ndidasungiramo makala, mapeto ake ndidapatsa mnyamata wina ku Bauleni yemwe adapangira khola la nkhuku. Nkhukuzo zidakhala bwino, sindikana.

Sindikunena kuti muleke. Munthu ukafuna kusangalatsa mayi ako ndi dalitso. Koma August uno iwalani. Kulamba ndi Loweruka lomaliza la August, kuchokera pano ndi miyezi inayi, inu mumagwira ntchito, mumapeza Loweruka lokha. Makilomita pafupifupi 500 si oyeserapo galimoto yomwe yangodzuka kumene. Chaka chino akwezeni amayi basi pa Intercity, mukawalipirire kachipinda ku Katete, akaone Gule Wamkulu ali ndi mphamvu zawo. Amayi sadikira guluu kuti aume. Galimotoyo muipange modekha, chaka chamawa idzapite.

Kalipentala_wa_Kalingalinga
Agogo anena zonse zomwe ndimaopa kunena. Khoma limodzi panthawi, denga mutalichirikiza ndi mitengo kuchokera pansi. Jambulani chilichonse musanamasule. Chidutswa chowola musataye mpaka mutadulira chatsopano. Ndipo galimoto ikhale pansi pa shedi ya malata yopita mphepo, osati yokulungidwa m'tenti ngati mtembo.

Za matabwa, paini wouma bwino akwanira. Ku msika wa Buseko alipo ambiri, koma musankhe nokha: wopepuka m'manja, wolira bwino mukagogoda. Mukagula muwayale pamthunzi masabata awiri kapena atatu, timitengo pakati. Mukwa ndi wabwino m'makona ndi pozungulira chitseko pomwe masikuluwu amafuna pogwira, koma khoma lonse ayi, ndi wolemera komanso wodula. Matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a mapolo asagundane ndi aluminiyamu, mankhwalawo ali ndi kopa, amamudya. Pansi muike marine ply, pulayiwudi wopirira chinyontho, wa 12mm, m'mphepete monse mopakidwa bwino, chifukwa pulayiwudi amamwera m'mphepete.

Bwana_Silikoni
Oyilo wakuda wa injini ndi waulere, chiswe sichiyandikira.

Kalipentala_wa_Kalingalinga
Pa mapolo a mpanda inde. Apa guluu sagwira pa thabwa la oyilo, ndipo amayi akagona usiku umodzi adzadzuka akununkha garaji.

Mphwa_wa_Malume
Ndabweranso, patha masabata awiri. Ndipereke lipoti.

Kwa azakhali tidapita ndi akunyumba monga adanenera AmakeTiya. Ine ndidakhala panja ndi msuweni wanga tikukamba za mpira, m'khitchini nkhani idatha. Administireta ndi mwana wawo wa ku Kitwe, wavomera pafoni, abwera kumapeto kwa mwezi tidzalembe. Koma pali mfundo: azakhali akuti tsiku lopita ku Mkaika mpando wakutsogolo ndi wawo, chifukwa adaudikira zaka 20.

Ma X ndawerenga 23. Makona awiri akumbuyo atheratu, ndimachotsa ndi manja. Pansi kuyambira pachitseko mpaka kusinki palibe chotsala. Mitanda ya denga yawola itatu mwa 7. Koma khoma lakumanja ndi louma, makona akutsogolo ndi olimba, ndipo chasisi a Spanala adabwera okha ndi hamala yawo, yalira ngwee kupatula mtanda umodzi wakumbuyo. Injini yazungulira pamanja, m'masilinda simunatuluke kanthu. Mu difu ndiye mudatuluka tiyi wamkaka uja.

Polowera madzi ndapapeza. Amalume adakhomera mlongoti wa TV padenga ndi masikuluwu anayi, n'kumata ndi silikoni. Bwana_Silikoni, ndakusungirani chidutswa, chidangosendeka ngati khoko la nthochi.

Chinanso, pansi pa mpando wa tebulo ndapeza nkhuku ya aneba ikukhalira mazira 11. Akunyumba akuti mwaona, ngakhale nkhuku yavota kuti likhale khola.

Amayi ndawauza za basi chaka chino. Adangoti "ndimadziwa".

Kolwe_wa_Kasama
Manje azakhali kutsogolo, amayi pabedi, madamu pa tebulo, nkhuku na ana 11. Ba Dalaivala, bwezani sikelo ija.

Kalipentala_wa_Kalingalinga
Makona awiri ndi mitanda itatu ndi ntchito yotheka. Muyambe ndi pansi, chifukwa makoma amakhala pamenepo, kenako makona, denga, mawindo. Mukatseka, munthu mmodzi akhale m'kati ndi tochi, wina athire madzi ndi paipi kuyambira m'munsi kukwera pang'onopang'ono, kuti kukadontha mudziwe msinkhu wake. Pulayiwudi wam'kati asalowe mpaka mayeso amenewa atadutsa kawiri.

Bwana_Silikoni
Amalume sadatsuke bwino pomata, vuto ndi limenelo.

Spanala17
Zonsezi n'zabwino, koma mukukonzera pamalo pomwe idamira kawiri. November akafika mudzalira ndi marine ply wanu. Ichoke ku Kanyama isanayambe ntchito.

GogoWaChilenje
Kuseri kwanga malo a karavani ija akadalipo, simenti yake ndi yokwera, madzi saima. Mubweretse malata 8 ndi mapolo mumange shedi, mukamaliza shediyo ndi yanga. Ndipo mundilembere tsiku lotulutsa, sindikufuna zaka 9 zina.

Mphwa_wa_Malume
Agogo, ndagwada. Tsiku tilemba pamodzi ndi a Mlembi kuti likhale ndi mboni. Tsopano funso: matayala akumbuyo akana kuzungulira, mabuleki agwira. Tiikoke choncho ndi chingwe, kapena ndifune thiraki yonyamula? Ndipo geti la agogo ndi lalitali bwanji, chifukwa ndayeza dzulo, kuchokera pansi mpaka pa bowo la mpweya ndi mamita atatu.

Spanala17
Chingwe ayi. Ndibwera Loweruka ndi jeke, timasule madiramu kaye. Nkhukuyo muisamutse ndisanafike.

GogoWaChilenje
Geti langa lilibe denga. Koma pali nthambi ya mango, mubwere ndi chikwanje.